Osalira Mpaka Kudamu

Amayi anga, a Enesi, ndi munthu wa misozi yapafupi, ndipo ku Pfupajena, lokeshoni yathu ya ku Chegutu, palibe amene sadziwa. Mulaini mwathu mukagwa maliro, azimayi a Mvano amakhala kaye m'nyumba nkumangosisima, kudikira kuti a Enesi atulukire pakona. Iwo amayambira kulira pamsewu, manja ali kumutu, ndipo mawu awo akangomveka nyumba yonse imasweka. Amalira maliro a Achewa anzathu, a Ashona, ngakhale a munthu amene anatukwanizana naye pampopi dzulo lake. Ine sindinawatengere. Ndinatengera malemu bambo, amene zinthu zikawapweteka ankangokatsegula boneti ya galimoto.

Ndiye taganizani kumuuza munthu wotereyu kuti mwana wake wasowa m'madzi, koma asalire.

Foni inabwera m'mawa ndikuthira dizilo mu Kruza, galimoto yanga yakale, imene ndimanyamulira ufa ndi zitsulo kupita kwa okumba golide ku Gadzema. Anali mlamu wanga Mazvita, mkazi wa mlongo wanga Morrison. Fakitale ya nsalu imene Morrison ankagwirako ntchito itatsekedwa, awiriwa ndi mwana wawo Vimbai anasamukira kwa makolo a Mazvita, kumapiri a kuseri kwa Ngezi, kumene kuli damu lakale limene mzungu wa pulazi anatseka pakati pa mapiri. Morrison ankapha nsomba mmenemo. Bwato analibe. Ankakhala pachubu cha thirakitala, miyendo ili m'madzi, nkumatchera ukonde, munthu wokulira mulokeshoni amene madzi ankawadziwira m'bafa basi.

Mazvita ankapuma mwawefuwefu, chifukwa netiweki kumeneko amachita kuikwerera phiri.

"Tete," anatero, monga mmene Ashona amaitanira mlongo wa mwamuna wawo, "baba Vimbai havana kudzoka, a Morrison sanabwerere kudamu. Chubu tachipeza, iwo palibe. Koma musalire. Ndapota, chonde Tete, Amai vasacheme, asalire."

Ndinamufunsa kuti zachitika liti. Anati papita masiku angapo, ankaopa kutiuza. Bambo ake ndi akuluakulu akumeneko anali atagamula kuti Morrison sanamire, watengedwa ndi njuzu, mwini madzi amene amati amakhala pansi pa maiwe akuya. Munthu wotengedwa ndi njuzu amati amabwerako wamoyo, kaya patha mwezi kaya chaka, bola abale ake asakhetse msozi. Wina akangolira, njuzu imamupha nkumulavulira pamwamba.

Ine zimenezi sindinazikhulupirire ngakhale pang'ono. Ndaona maenje a ku Gadzema akumeza anyamata, ndipo palibe amene anabwerako kudzasimba. Koma uthenga ndinaupereka mmene unabwerera. Ndinawapeza Amayi akutsuka mapoto kuseri. Nditatchula za chubu anatsegula pakamwa nkukoka mpweya, mpweya uja lokeshoni yonse imaudziwa, ndipo ine ndinathamangitsa mawu otsalawo asanautulutse. Anakhala choncho kukamwa kuli yasa. Kenako anatseka pang'onopang'ono.

Amayi ndi munthu wa tchalitchi, bulauzi yoyera ya Mvano amaisita ngati ya ukwati. Tsiku lina lililonse akanati za njuzu nzachikunja. Tsiku limenelo anatenga chitenje, anachipinda nkuchimanga pamimba mwamphamvu.

"Mipando isatuluke panja," anatero. "Nsanza yofiira pageti asamange munthu. Muno mulibe maliro. Kaitane amalume ako, tizipita."

Malume Zefaniya, achimwene awo a Amayi, ndi mkulu wa mpingo amene anasiya mapapo ake m'migodi ya ku Kadoma. Anabwera akutsokomola, atanyamula chimtolo chokulunga m'saka, nkuchilowetsa pansi pa tenti kumbuyo kwa galimoto Amayi ali m'nyumba. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana tayala.

Pa tala tinayenda bwino, tikupisana ndi malole a kumgodi wa pulatinamu. Titapatukira msewu wafumbi zinthu zinayamba kuipa, chifukwa mvula inali itagwa sabata yonse, ndipo titadutsa sitolo yomaliza msewu unangotha osatsanzika. Kunatsala mikwingwirima iwiri ya ngolo ya ng'ombe yolowera m'nkhalango ya tsanya. Ndinatsika nkukhoma mahabu a mawilo akutsogolo kuti onse anayi azikoka. Amayi anakhala pakati pa ine ndi Malume, bondo lawo likugunda giya. Anali ataluma nsonga ya duku lawo, ndipo sanailavule.

Malume sadziwa kukhala chete. Anayamba kusimba za mitengo ya feteleza, za m'busa watsopano amene amalalikira Chishona chokhachokha, kenako pakamwa panaterereka.

"Mwana uja ndinamuuza ine, kuti Morrison, madzi si..."

"Achimwene," anatero Amayi kudzera m'duku muja, "dzina limenelo lisamveke muno. Mukalitchula sindikwanitsa."

Malume anameza mawu awo, nkumangotsokomola.

Njira imeneyo sindikuifunira ngakhale mdani. Pena tinkadutsa pakati pa maenje a makorokoza, okumba golide mozemba aja, maenje obisika m'udzu oti tayala likalowamo ndiye kwatha. Pena mvula inali itakumba chigwembe pakati penipeni, ndipo ndinkachita kuyendetsa mawilo uku ndi uku, chigwembecho chili pansi pa mimba ya galimoto. Nthambi zinkakwapula magalasi. Pamtsinje wina Malume anavula nsapato, anapinda buluku, nkuwoloka ndi ndodo akufufuza pamene pali mwala. Madzi anawafika m'ntchafu. Ndinalowa ndi giya yoyamba osachotsa phazi, madzi akulowera pansi pa zitseko mpaka kunyowetsa mapazi a Amayi. Iwo sanawasunthe.

Nthawi yonseyi ndinkawaba ndi diso. Ndinkafuna kuti alire, ndisaname. Ndinkafuna alire tithane nazo, timulire mlongo wanga ngati anthu, m'malo momangokhala ngati tikupita kukagula mbuzi. Khosi lawo linkakwera ndi kutsika, thukuta likuyenderera m'makutu, koma maso anali ouma gwa. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi Mazvita, ndi bambo ake, ndi Morrison amene, wopusa uja, wokwera chubu ngati mwana.

Dzuwa lili pamutu tinafika padambo. Linali lalitali, lobiriwira bwino, lodzaza ndi dothi lakuda lija limagwira ngati phula. Ndinatsika nkuliponda ndi phazi, ndipo linandinamiza. Tinayenda bwino mpaka pakati, kenako kumbuyo kunakhala pansi. Ndinayesa kubwerera, mawilo anangozungulira nkudzikumbira manda. Nditatsika ndinapeza difu, chitsulo chija cha pakati pa mawilo akumbuyo, yagona pamatope.

"Aikona," anatero Malume, Chilapalapa cha kumgodi chikuwabwerera monga chimachitira zinthu zikathina. "Faka lo jeke, Rabeka."

Tinakumba ndi fosholo mosinthana. Jeke inkangomira, mpaka ndinaikhazika patayala la sipeya. Pafupi panalibe mwala ngakhale umodzi, ndipo mitengo inali kutali, kumapeto kwa dambo. Tinazula udzu nkuponyera pansi pa mawilo, matope anaumeza. Amayi anatsika okha osaitanidwa, nkupita kumbuyo kukafuna chilichonse choyala. Ndinamva tenti ikukokedwa. Malume anaponya fosholo kuti akawatsekereze, koma miyendo ya nkhalamba m'matope siyithamanga.

Saka lija linali litamasuka ndi mabampu. Munali mphasa yatsopano ndi bulangete latsopano, likadali m'pulasitiki yake. Mchewa aliyense amadziwa ntchito ya mphasa ndi bulangete zikamapita kumene munthu wasowa.

Amayi anaima atagwira bulangete lija. Milomo yawo inayamba kunjenjemera, chibwano chinakwinyika, ndipo ndinati basi, zafika. Dambo lonse linali zii. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, akuphethira ngati munthu amene walowa utsi m'maso, nkumeza, nkumezanso.

"Achimwene," anatero potsiriza, mawu ali asasa, "mwana wanga mwamuika kale m'manda?"

"Enesi, mlongo wanga, ine ndimangoti mwina..."

"Mwina chiyani? Inu mwamuona?"

Anang'amba pulasitiki ija ndi mano. Anagwada m'matope, mayi wa bulauzi yosita uja, nkulowetsa bulangete pansi pa tayala lakumanzere ndi manja awo. Mphasa anaipinda pawiri nkuilowetsa kumanja.

"Liza galimoto, Rabeka. Izi ntchito yake ndi imeneyi."

Ndinaliza. Malume anakankha kumbuyo akukuwa kuti tshova, ngati ali ndi gulu lonse la pansi pa mgodi pomwe anali okha. Mphasa inathetheka ngati nkhuni, galimoto inagwedezeka, inatsetsereka cham'mbali, kenako inatuluka. Sindinaime mpaka pouma. Pagalasi ndinaona Malume akuzula bulangete lija m'matope, akulikung'unta, nkuliponyanso kumbuyo mwakachetechete. Mphasa inatsala komweko zidutswazidutswa.

Chitunda chomaliza chinali miyala yokhayokha. Kruza inakwera ikulira, ikununkha kalachi, tayala limodzi nthawi zina lili m'malere. Titafika pamwamba damu linangoonekera lonse pansi pathu, ndipo linandinyansa chifukwa linali lokongola. Madzi obiriwira, odekha, mapiri akudziyang'anira mmenemo, mitengo youma itaima m'madzi chakumtunda. Linkaoneka ngati malo oti anthu azibwera kudzajambulitsa zithunzi.

M'mphepete munakhala anthu ambiri ndithu, amuna uku akazi uku. Panalibe nyimbo, panalibe wogwira mnzake chanza cha maliro. Pathanthwe lina anayalapo nsalu yakuda ndi yoyera, pali mtsuko wa mowa ndi kambale ka fodya wamphuno, zopepesera mwini madzi. Chubu chija chinali pambali, chikadali ndi mpweya wake. Bambo ake a Mazvita, mkulu wamtali wa ndevu zoyera, anatilandira ndi kuwomba m'manja, maso awo ali pankhope ya Amayi ngati akufufuza katundu wakuba. Atapeza kuti ndi youma anagwedeza mutu kuvomereza.

Mazvita anadzuka movutika, chifukwa anali ndi pakati pooneka. Anabwera kudzagwada pamaso pa Amayi. Zikope zake zinali zotupa, maso ofiira psuu.

"Utsi, Amai," anafulumira kunena asanafunsidwe. "Nkhuni nyoro, nzonyowa."

Amayi anamugwira nkhope ndi manja awiri amatope aja, nkumuyang'ana nthawi yaitali. Anamukhazika pambali pawo, ndipo tonse tinayamba ntchito imene anthu aja anakhala akugwira masiku onsewo, yoyang'ana madzi.

Dzuwa litapendeka kunabwera kamphepo, madzi nkuyamba kuchita timafunde. Munthu wina amene anakhala pamwamba pa mwala anaimirira, analoza kumitengo youma ija. Poyamba chinkaoneka ngati saka la chimanga. Chinatembenuka pang'ono ndi mphepo, ndipo ndinaona juzi yachikasu imene ine ndinamugulira Morrison pa Khirisimasi.

Amuna anamukoka ndi nsungwi yaitali. Ukonde wake womwe unali utamukulunga miyendo. Nkhope sindinena. Ine ndi Malume tinayang'anizana, chifukwa tonse tikudziwa kuti thupi likakhala m'madzi ofunda limatupa nkudzuka lokha, kaya wina walira kaya ayi. Koma pagombe paja panalibe wofuna kumva zimenezo, ndipo kunena zoona, panthawi imeneyo ngakhale ine sindikanatha kuzinena.

Bambo ake a Mazvita anatembenuka pang'onopang'ono. Anali ndi ukali wa munthu amene wasunga lamulo masiku onse nkuona wina akulitaya.

"Ndiani achema?" anafunsa. Atationa ife anabwereza m'Chichewa chawo chothyokathyoka. "Walira ndani? Munthu anali moyo uyu. Walira ndani?"

Kenako ndinamva kaphokoso pambali panga. Mazvita anali atagwada, manja ali pamimba, thupi lonse likugwedezeka.

"Baba," anayamba, mawu ang'onong'ono, "nhasi mangwanani, lero m'mawa, ndili paphiri paja, nditatha kuimba foni, ndinangoti ndikhale pansi pang'ono, ndiye..."

"Ndine."

Anali Amayi. Anali ataimirira, ndipo anagwiritsa ntchito mawu awo a pamaliro aja, omveka mpaka tsidya.

"Ndini ndachema. Ndalira ine. Ndayambira pa Chegutu penipeni, njira yonse, mpaka pachitunda apo ndi pamene ndapukuta maso kuti musaone. Ndi mwana wanga, ndikanatani? Iwe amake Vimbai khala pansi, usandilande mlandu wanga."

Ndinatsegula pakamwa. Malume anandiponda phazi ndi chidendene, mwamphamvu.

Zimene zinatsatira sindizikumbuka mwadongosolo. Azimayi anayamba kukuwa, ena kulira tsopano poti zinali zololedwa, ena kutukwana. Wina analavula pafupi ndi mapazi a Amayi. Ndinamva liwu lija timalimva kuyambira tili ana, lakuti Mabhurandaya, anthu obwera, osamva mwambo wa eni dziko. Bambo ake a Mazvita anawaloza Amayi ndi chala nkunena kuti apha mwana wawo ndi maso awo, ndipo asiya Mazvita wamasiye ali ndi pakati. Amayi anangowerama nkumati, "Ndalakwa, ndalakwa," ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ine magazi anawira, ndinkafuna kugwira munthu pakhosi. Chimene chinandiletsa ndi Mazvita. Anali atagwa chafufumimba pamchenga akulira mokweza, kulira kwa mkazi amene mwamuna wake wafa, osati kwa munthu amene wapha.

Malume anakwera phiri kukaimbira apolisi, ndipo anagwirizana kuti thupi tipite nalo ife mpaka kumsewu, kumene galimoto yawo ingafike. Tinamukulunga Morrison m'bulangete lamatope lija, lili ndi chidindo cha tayala pakati. Mphasa panalibe, tinamugoneka patenti.

Tisananyamuke m'mawa mwake, Mazvita anandipeza ndikuthira madzi mu injini. Anaima pafupi, akuyang'ana pansi.

"Tete, ndiuzeni chokwadi. Amai vakachema m'njira?"

Amayi anali chapatali, akumanga chingwe cha tenti, koma ndinadziwa kuti khutu lili kuno.

"Analira," ndinatero. "Mpaka ndinawakalipira."

Anapuma mpweya wautali, nkukwera kumbuyo kukakhala pafupi ndi mwamuna wake.

Nkhani inafika ku Pfupajena ife tisanafike, monga zimachitira nkhani zoipa. Mipando inatuluka panja, nsanza yofiira inamangidwa pageti. Azimayi a Mvano anadzaza m'nyumba nkumasisima, kudikira kuti mwini maliro ayambitse. Amayi anakhala pakona, Mazvita atatsamira pamiyendo pawo, nkumamusisita msana. Sanayambitse. Anadikira mpaka mayi wina anachita kuyamba yekha, mawu osakwana. Kumanda nakonso sanalire. Panja ndinamva ena akunong'onezana kuti misozi anaimalizira m'njira, pamene inali yoletsedwa. Ena ankati za njuzu nzabodza, koma nawonso ankawayang'ana Amayi mwa mtundu wina. Kuyambira pamenepo mulaini mukagwa maliro, a Enesi amapita, amaphika, amatsuka mbale, koma pamsewu amadutsa chete.

Mazvita anachira bwino, mwana wamwamuna. Amakhala nafe tsopano, iye ndi ana ake, ndipo amawasamala Amayi mokoma mtima, ngati munthu amene anakhululuka chinthu chachikulu. Zimenezi zimandipsetsa mtima kuposa zonse, koma pakamwa ndimatseka.

Tsiku lina masana ndinali pansi pa Kruza ndikumasula difu, imene sinakhalenso bwino chichokereni padambo paja. Ndinaona mapazi a Amayi ataima pafupi ndi tayala. Anagwada nkusuzumira.

"Rabeka, iwe unali nane njira yonse. Msozi unauona?"

"Ngakhale umodzi, Amayi."

"Ngakhale padambo paja?"

"Ngakhale padambo. Ndinkakuyang'anani."

Anagwedeza mutu, koma sanadzuke. Anayang'ana kukhomo ngati kuli wina, nkutsitsa mawu.

"Pamene ndinagwira bulangete lija, m'maso munalibe kanthu, koma m'kati muno ndinalira, mwana wanga. Ndinamulira ngati wafa kale. Nanga kulira kwa mumtima, chinthu chija cha m'madzi chimamva?"

Ndinawauza kuti sichimva. Ndinawauza za ukonde, za madzi ofunda, za mmene thupi limadzukira lokha, zonse zimene ndikudziwa, ndipo ndinalumbira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Iwe sukhulupirira chilichonse," anatero. "Ndikanafunsa wina."

Anadzuka atagwira bondo, nkubwerera kukatsuka mapoto.